Atsogoleri a mipingo, tibwerekeni bwalo nafe okalamba tisewere

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhuleko kudzera m'nyuzipepala yanu yokondedwayi pa nkhani imene ena akaimva aiseka, koma ine yandisowetsa tulo. Nkhani yake ndi ya masewero a ife anthu okalamba.

Ine ndine mphunzitsi wopuma. Ndinagwira choko zaka zoposa 30, ndipo zaka zomalizira ndinali mphunzitsi wamkulu pasukulu ya pulayimale ya kwathu kuno. Nthawi yonseyo ndinkaumiriza ana kutuluka panja ikakwana nthawi ya P.E., ndipo waulesi ndinkamuzungulitsa bwalo kawiri. Koma nditangopuma ntchito, ine ndemwe ndinakoka mpando wandalema n'kukhazikika pakhonde. Masewero amene ndinatsala nawo ndi bawo basi. Bawo ndi wabwino, amanola mutu, koma pabawo chimene chimayenda ndi timiyala, mwini wake ali chikhalire.

Chaka chatha mnzanga wa pabawo, amene tinkavina naye mganda tili anyamata, anaterereka m'mawa potuluka kubafa. Sanagwe mumtengo, sanagundidwe ndi njinga ayi, phazi linangophonya pang'ono, fupa la m'chiuno n'kuthyoka. Anagona pamphasa miyezi inayi, kunabwera zilonda za kumsana ndi chifuwa, mapeto ake tinakamuika. Chimene chinandiwawa kwambiri n'chakuti pasiwa anthu anayamba kunong'onezana kuti walodzedwa, ndipo maso awo ankaloza gogo wina wamasiye amene naye amayenda chogwirira ndodo. Akanapanda kudzudzula a mfumu, bwenzi tikukamba zina.

Abale anga, munthu uja sanalodzedwe. Tikamakula, minofu ya m'miyendo imafota ngati sitikuigwiritsa ntchito. Kuti munthu aime osagwa pamafunika maso, m'kati mwa khutu ndi mapazi zizigwirizana, ndipo zonsezi zimafooka ndi ukalamba. Mwana akapunthwa, mwendo winawo umathamangira kutsogolo n'kumuchirikiza. Ife mwendo umachedwa, n'chifukwa chake timapezeka tili pansi. Ubwino wake ngwakuti mwendo umaphunzira ngakhale pa zaka 70, monga momwe ophunzira a sukulu ya kwacha amaphunzirira kulemba atamera kale imvi.

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linatulutsa malangizo mu 2020 akuti munthu wa zaka 65 kupita m'tsogolo azitakasa thupi mphindi zosachepera 150 pa sabata, ndiponso kuti masiku atatu pa sabata azichita zolimbitsa minofu ndi zophunzitsa thupi kuima osadzandira, pofuna kupewa kugwa. Ndawerengetsera monga mphunzitsi wa masamu: mphindi 150 ndi theka la ola masiku asanu. Nthawi imene timataya podikira kuti mnzathu atakate pabawo imaposa pamenepo.

Wina anena kuti, "Aphunzitsi, ife timalima, kulimbitsa thupi kwina n'kotani?" Zoona, khasu si masewera. Koma khasu limakuweramitsa mbali imodzi tsiku lonse, ndipo siliphunzitsa mwendo kuchirikiza thupi ukapunthwa. Komanso tikakolola mu Meyi kapena Juni, ambiri a ife timakhala pansi kufikira nthawi yososa. Nanga aja anasiyira adzukulu munda chifukwa cha nyamakazi, iwo atani?

Chifukwa chimene ndikunenera masewero, osati kungothamanga kapena kudumphadumpha ngati asilikali, n'chimene ndinachiona m'kalasi. Mwana ukamuuza kuti athamange kuzungulira bwalo amadwala mutu nthawi yomweyo, koma ukamuponyera mpira mutu uja umapola. Akulunso ndi chimodzimodzi. Pamasewero munthu amaiwala kuti akugwira ntchito, amaseka, amawerenga zigoli, amafuna kubwezera mawa. Ndipo amene wajomba, anzake amapita kukamuona. Kwa munthu wamasiye amene amatha masiku atatu osalankhula ndi munthu, chimenechi si chaching'ono.

Anzathu m'maiko ena anazindikira kale. Ku England, m'tauni ya Chesterfield, anayambitsa mu 2011 mpira wamiyendo woyenda wa anthu opitirira zaka 50. Lamulo lake lalikulu n'lakuti wothamanga walakwa, ndipo mpira usakwere kupitirira mutu. M'maiko olemera mulinso masewero a pakanema monga Wii Fit ya kampani ya Nintendo, imene inatuluka mu 2007, pamene munthu amaima pakathabwa n'kumapendekera uku ndi uku motsatira zimene zikuoneka pakanemapo. Zimenezo ndi za magetsi ndi ndalama, sindikuzipempha. Chimene chinanditsegula maso ndi chimene mwana wanga amene amagwira ntchito ku Joni anandionetsa pafoni yake: agogo aakazi a ku Nkowankowa, pafupi ndi Tzaneen m'chigawo cha Limpopo, akumenya mpira. Timu yawo imatchedwa Vakhegula Vakhegula, ndipo anaiyambitsa ndi mayi Beka Ntsanwisi. Mu 2010 agogowa anakwera ndege kukasewera ku America, ndipo mu 2023 anachititsa kwawo mpikisano umene kunabwera agogo anzawo a m'maiko ena. Awa ndi amayi akumudzi ngati akwathu kuno, otunga madzi ndi kulera adzukulu.

Choncho ine ndi mayi akunyumba tinaitana anzathu, ndipo tinayamba anthu asanu ndi anayi, Lachiwiri ndi Lachisanu dzuwa likapepa. Sitinagule kanthu. Timajambula phada pansi, koma m'malo modumpha timaponda bokosi ndi bokosi mwakachetechete, n'kuima pang'ono ndi mwendo umodzi, wina atatigwira dzanja. Timaima mozungulira n'kumaponyerana mpira wachikulunga, wowakha atchule dzina la boma limodzi la m'Malawi muno, wobwereza lotchulidwa kale watuluka. Timapikisana kudzuka pabenchi osagwira maondo. Kumapeto amayi amayambitsa nyimbo ya chimtali, ife abambo n'kumatsatira m'mbuyo monga tingathere. Sindinama kuti tachira nyamakazi. Koma ine amene ndinkadzuka pampando mochita kuwerenga mpaka katatu, lero ndikudzuka kamodzi, ndipo mayi akunyumba ayambanso kupita okha kuchigayo.

Vuto lathu ndi malo ndi manyazi. Pabwalo la sukulu pamakhala ana, ndipo tsiku limene tinayesako anatizinga n'kumakuwa kuti agogo apenga. Amayi atatu sanabwerenso. Tinakapempha bwalo la kuseri kwa tchalitchi china, koma mkulu wa mpingo anatiyankha kuti malo opatulika si ochitirapo chibwana. Ndinabwerako ndili chete chifukwa cha ulemu, koma mumtima ndinafunsa kuti: kodi pabwalo lomwelo achinyamata samenyapo ntchemberembaye? Kodi chikhala chibwana chifukwa chakuti wogwira mpira ali ndi imvi?

Abusa, ansembe, mashehe ndi akulu a mipingo, inu ndi amene mumatiyendera tikagona ndipo ndinu mumatiika m'manda. Mukudziwa kuchuluka kwa nkhosa zanu zimene zinasiya kubwera kumapemphero chifukwa miyendo ikukana. Pempho langa ndi laling'ono. Tibwerekeni bwalo ndi mabenchi masiku awiri pa sabata, ndipo mulengeze paguwa kuti masewero a okalamba ndi chinthu chaulemu. Mawu anu akamveka, ana sadzatikuwizanso, ndipo apongozi sadzaonana ndi diso lachilendo pabwalo. A mvano ndi mabungwe ena a amayi amakumana kale sabata ndi sabata, theka la ola akatha mapemphero silingawononge kanthu.

Kwa okalamba anzanga ndikuti musayambe mwaphuma. Amene ali ndi BP, shuga kapena vuto la mtima ayambe wakaonana ndi achipatala kapena mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lake. Pabwalo pakhale posesa bwino, popanda miyala ndi maenje, madzi akumwa akhale pafupi, ndipo womva chizungulire kapena kupweteka pachifuwa akhale pansi nthawi yomweyo. Usasewere ndi njala, ndi bwino kudyako kambatata kaye.

Ife pakadali pano tikukumana pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba yanga, ndipo tatsala anthu asanu ndi mmodzi. Mvula ikayamba pamenepa pamachita matope, ndiye tikudikira yankho lanu isanagwe.

Mphunzitsi wopuma,
Dedza.