Kodi moyo ungapirire ukali wa Proxima Centauri?

Pa 1 May 2019, nyenyezi ya Proxima Centauri inaphulika mwaukali, moti cheza chake cha ultraviolet chinakula kuwirikiza ka 14,000 m'masekondi ochepa chabe. Katswiri wa zakuthambo Meredith MacGregor anali ataitchera ndi matelesikopu 9, kuphatikizapo Hubble ndi ALMA ya ku Chile. Nkhawa ili pa Proxima b, pulaneti yozungulira nyenyeziyi yomwe inatulukiridwa mu 2016, imene ambiri anaithamangira kuti mwina kuli zamoyo.

Proxima ndi kanyenyezi kofiira, kofooka. Kuti madzi asaundane, pulaneti iyenera kusendera pafupi ngati munthu wowotha moto wa zitsotso, n'chifukwa chake Proxima b imazungulira nyenyezi yake m'masiku 11 okha. Tsoka lake, mkati mwa nyenyezi zoterezi mpweya wotentha umabwata kuchokera pakatikati mpaka pamwamba, n'kumapanga mphamvu yaikulu ya maginito. Mphamvuyo ikapotanapotana n'kumasuka mwadzidzidzi, kumakhala kuphulika. Zikamachitika kawirikawiri kwa zaka mabiliyoni, mpweya wokuta pulaneti ukhoza kumaperepeseka mpaka kutsala thanthwe lokha. Mars inataya mpweya wake wambiri chonsecho ili kutali ndi Dzuwa, lomwenso ndi lofatsa. Mu 2023 telesikopu ya James Webb inasonyeza kuti TRAPPIST-1 b, yozungulira nyenyezi ina yofiira, sikuoneka kuti ili ndi mpweya wochindikala.

Oikira kumbuyo mapulanetiwa nawonso sakuyankhula zopanda mutu. Mu 2018 Paul Rimmer ndi anzake ku Cambridge anasonyeza kuti zina mwa zinthu zoyambira moyo zimafuna ultraviolet kuti zipangike, ndipo nyenyezi yofiira ikakhala phee sipereka cheza chokwanira. Ndiye kuti kuphulika komwe tikukuopaku kungakhalenso kothandiza. Mu 2021 Ekaterina Ilin wa ku Potsdam, pounika zimene telesikopu ya TESS inajambula, anapeza kuti kuphulika kwakukulu pa nyenyezi zinayi kunachitikira chakumutu kapena chakumunsi kwa nyenyezizo, osati m'chiuno momwe mapulaneti amakonda kudutsa. Palinso mfundo yoti madzi akuya amatchinga cheza.

Ine ndikuona kuti mbali yoyambayo ndi yolemera. Mfundo ya Rimmer ikunena za kuyamba kwa moyo, koma moyo ukayamba uyenera kupeza pokhala, ndipo popanda mpweya nyanja imene tikuidalirayo siingakhalitse pamtunda. Tisaiwale kuti nkhaniyi si ya Proxima yokha: pafupifupi nyenyezi zitatu mwa zinayi zilizonse mumlalang'amba wathu ndi zofiira, choncho mlanduwu ukukhudza mapulaneti osawerengeka. Zimene Ilin anapeza n'zolimbikitsa, komabe nyenyezi zinayi n'zochepa, ndipo zonsezo zimazungulira mwaliwiro, tsiku lisanathe. Proxima imatenga masiku oposa 80 kuti izungulire kamodzi, motero maginito ake akhoza kukhala ndi khalidwe lina.