Asanamize Ana Athu za Chamba

Pali bodza limene lafala m'misika, m'malo okwerera basi ndiponso m'mabwalo a mpira, lonena kuti boma linaloleza kusuta chamba. Bodza limeneli tiyenera kulizula msanga lisanatiphere ana.

Zoona zake nzakuti m'chaka cha 2020 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo lolola kulima chamba cha mankhwala ndi cha m'mafakitale, ndipo wolimayo ayenera kukhala ndi chiphaso chochokera ku bungwe la Cannabis Regulatory Authority. M'lamulomo mulibe ndime yopatsa munthu ufulu wopichira ndudu ndi kusuta. Wopezeka ndi chamba popanda chiphaso akali kumangidwa ndi kuzengedwa mlandu.

Anthu ena osalabadira amati fodya wamkuluyu ndi tsamba chabe, ndipo amapatsa mphamvu polima. Kodi ndi mphamvu yanji imene imagoneka mnyamata mpaka dzuwa pamutu, munda uli thengo? M'tsambamo muli mankhwala otchedwa THC amene amasokoneza bongo. Akatswiri a zaumoyo anapeza kuti mwa anthu khumi osuta, pafupifupi mmodzi amagwidwa chibaba chosatha kuleka. Koma mwa oyamba akali achichepere, ndi mmodzi mwa asanu ndi mmodzi. Bongo wa munthu umapitiriza kukhwima kufikira zaka pafupifupi 25, kotero mwana wa sukulu akamasuta amaiwala zimene waphunzira, mtima wa maphunziro nkumuchokera. Utsiwo umabweretsa chifuwa chosatherapo. Choopsa koposa nchakuti wosuta tsiku ndi tsiku angathe kudwala misala: amamva mawu a anthu osaoneka, nayamba kukayikira ngakhale mayi wake womubala. Zikafika apa ife timathamangira kunena kuti walodzedwa, m'malo mopita naye ku chipatala cha odwala maganizo ku Zomba kapena cha St John of God ku Mzuzu.

Tsono tisaloze chala ana okha. Matumba a chamba ochokera m'mapiri a ku Nkhotakota alibe mapiko. Amayenda pa galimoto, nadutsa pa zipata za pamsewu, chifukwa pali ena mwa ife amene amatsinzina akapatsidwa kangachepe. Wantchito wa boma wolandira chiphuphu chotere wagulitsa mutu wa mwana wa mnzake, naiwala kuti mawa ndudu yomweyo idzafika m'thumba la mwana wake. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Inu apampando a nthambi ndi madera, aphunzitsi, alangizi a zaumoyo ndi mafumu, fotokozani lamuloli momveka pa msonkhano uliwonse. Wogulitsa mumdziwa, pakuti akhala pakati panu. Kamuneneni ku polisi mosaopa nkhope. Koma mwana wogwidwa chibaba musamuthamangitse pakhomo kapena kummanga ndi chingwe ngati mbuzi. Ameneyo ndi wodwala, ndipo thandizo lilipo ku chipatala. M'mera mpoyamba: tikazengereza lero, tidzasowa otilandira khasu m'munda ndi cholembera mu ofesi.