Bodza Silisanduka Coonadi Cifukwa Lanenedwa m'Chalichi

Mundilole lero ndilankhule mosapsatira, pakuti nkhani imene ndabwera nayo inatsala pang'ono kutiphera mnzathu kuno kwa Kapichila.

Mu 2024, nthawi yokolola, mnyamata wina wa m'gulu lathu, woimba besi m'kwaya, anatsekula m'mimba masiku angapo, kenaka nkucira. Patapita masabata awiri anayamba kumva dzanzi kumapazi. Miyendo inayamba kulemera, ndipo pofika pa Sabata anali kulephera kupalasa njinga. Pamene tinapita kukamuzonda tinapeza mudzi wonse wagamula kale mlandu: "Ndi katemera uja wa korona!" Ena anati kucipatala nkosathandiza, popeza ndiko anamulasa poizoni. Anamusunga m'nyumba masiku asanu, akumupempherera ndi kumumwetsa mizu, kufikira manja nawo anayamba kufooka. Amalume ake ndiwo anakalipa, nabwereka galimoto kumutengera kucipatala. Madokotala anati ndi matenda ochedwa Guillain-Barré, ndi kuti akanacedwanso, kufooka kukanafika pacifuwa nkumutsekereza mpweya. Lero akuyenda, ngakhale ndi ndodo. Katemerayo anamulandira mu 2022. Matenda anamugwira zaka ziwiri zitapita.

Tsono wina adzati, "Kodi ukufuna kutiuza kuti katemera sanapwetekepo munthu?" Iai. Ndikatero ndiye kuti ndathawa bodza lina nkugwera m'bodza linzake. Tamverani coonadi cake.

Mulungu anaika asilikali m'thupi mwathu olimbana ndi tizirombo. Nthawi zina asilikaliwo amasokonezeka nkuyamba kumenya mwini thupi, monga galu woluma mbuye wake. Shuga yogwira ana, nyamakazi yotupitsa mfundo za zala, ndi lupus ndi ena mwa matenda otere, ndipo analipo kale korona isanamveke. Katemera nchito yake ndi kudzutsa asilikali amenewa, motero mwa anthu ocepa kwambiri kudzutsako kumapitirira muyeso. Mu Malichi ndi Epulo 2021 madokotala a ku Germany ndi ku Norway anapeza kuti ena olandira katemera wa AstraZeneca magazi ao anali kuundana cifukwa asilikali anali kumenya tizigawo ta m'magazi. Bvuto lomwelo linaonekanso pa katemera wa Johnson & Johnson. Mu Julayi 2021 bungwe loona za mankhwala ku America linacenjeza kuti lalandira malipoti 100 a Guillain-Barré pa anthu pafupifupi 12.5 miliyoni olandira Johnson & Johnson. Mu Ogasiti 2022 bungwe la SAHPRA ku South Africa linalengeza poyera kuti munthu mmodzi wafa ndi matendawa cifukwa ca katemera yemweyo. Pfizer ndi Moderna nazo zinapezeka kuti zimatupitsa mnofu wa mtima mwa ena, makamaka anyamata a msinkhu wathu, ngakhale ambiri anacira. Amitundu ina ya katemerayu tinalandira ngakhale kuno ku Zambia, kuyambira pa 14 Epulo 2021 pamene nchito yotemera inayamba ku UTH.

Taonani amene anaulula zimenezi. Sanali mlaliki wa pa WhatsApp. Anali madokotala omwewo amene tikuwanena kuti abisa, ndipo anaciculula ndi mawerengero omwe.

Ndiye pali zinthu zitatu zimene ofalitsa mphekesera sakuuzani.

Coyamba ndi nthawi. Kuundana kwa magazi kuja kumabwera mkati mwa mwezi umodzi cilandirire katemera, ndipo Guillain-Barré mkati mwa masabata asanu ndi limodzi. Munthu amene wadwala patapita zaka ziwiri, afune cifukwa cina. Tambala amalira, dzuwa nkutuluka, koma palibe wanzeru amene anganene kuti tambala ndiye watulutsa dzuwa.

Caciwiri, matendawa ndi akale. Madokotala a ku France anawafotokoza mu 1916. Padziko lonse amagwira munthu mmodzi kapena awiri pa anthu 100,000 caka ciriconse. Kalembera wa 2022 anapeza kuti m'Zambia tiripo anthu 19.6 miliyoni; mukacita masamu mupeza kuti tingayembekezere odwala 200 kufika 400 pacaka, ngakhale pakanapanda katemera aliyense. Cimodzi mwa zinthu zoyambitsa matendawa kawirikawiri ndi kacirombo kotsekula m'mimba kochedwa Campylobacter, kopezeka m'nkhuku yosapsa bwino ndi m'madzi akuda. Mnzathu uja anayamba ndi ciani? Koma palibe ndi mmodzi yemwe anafunsa za citsime cimene amamwako.

Cacitatu, korona yeniyeniyo imasokoneza asilikali a m'thupi kuposa katemera. Akatswiri a ku Oxford anafufuza anthu oposa 32 miliyoni ku England mu 2021. Anapeza odwala Guillain-Barré oonjezereka 38 pa anthu 10 miliyoni olandira AstraZeneca, koma 145 pa anthu 10 miliyoni odwala korona. Ndipo tisaiwale msanga, abale. Mu 2020 ofufuza anapima mitembo 364 ku UTH napeza korona mwa 70, ambiri a iwo asanapimidwepo ali moyo. Mu Juni ndi Julayi 2021 tinali kumva za maliro tsiku ndi tsiku, ndipo zipatala zinasowa mpweya wopatsa odwala. Katemera anabwera pakati pa moto umenewo.

Nanga ine ndakwiyiranji, popeza WHO inalengeza mu Meyi 2023 kuti korona siirinso ngozi yadzidzidzi padziko? Ndakwiya cifukwa mliri unapita koma bodza linatsala, ndipo likudya anthu m'njira ziwiri. Limacedwetsa odwala kupita kucipatala, monga linacitira kwa mnzathu. Ndiponso laipitsa dzina la katemera aliyense. Ndinaona ndi maso anga mai wina wa m'chalichi mwathu akubisa mwana kuseri kwa nkhokwe pamene azaumoyo anadza ndi madontho a poliyo. Komatu mu Febuluwale 2022 poliyo inapezeka ku Lilongwe mwa mwana wa zaka zitatu, Malawi itakhala zaka 30 osaiona, ndipo ife ndi a ku Malawi timakwatirana, kugulana ndi kuikirana maliro. Kuyambira mu Okutobala 2023 kolera inapha anthu oposa 700 m'dziko lino, kufikira bwalo la mpira la Heroes ku Lusaka linasanduka cipatala. Tsiku limene matenda otere adzafika pakhomo pathu, tidzawauza ciani ana amene tinawabisa?

Cimene cindiwawa koposa ndi cakuti bodzali limayenda pa miyendo yathu, ife ana a m'chalichi. Ndife tiri ndi mafoni. Ndife tidziwa kuwerenga Cizungu, ndipo agogo amatikhulupirira. Uthenga ufika usiku, wopanda dzina la dokotala, wopanda tsiku, wopanda malo, koma popeza wayamba ndi dzina la Yesu ndi kuthera ndi Amen, tiutumiza ku gulu la kwaya tisanaumalize nkuwerenga. Akulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa. Pa malamulo khumi aja tinaloweza ku Sande Sukulu pali loletsa umboni wonama. Lamulo limenelo silinapatule foni. Ukanena kuti nesi wa pa kiliniki analasa anthu poizoni, pamene ulibe umboni, wamunamizira mlandu wakupha munthu wobatizidwa mnzako, amene mwina mumadya naye Mgonero.

Za cizindikiro ca cilombo nazo tinazimva. Buku la Cibvumbulutso likamba za kupembedza, za amene mtima wako wamugwadira. Palibe nyeleti ingacotse munthu m'dzanja la Mulungu, ndipo wophunzitsa zimenezo wacepetsa Mpulumutsi wake. Luka amene analemba Uthenga Wabwino anali sing'anga, ndipo mipingo yathu yomweyi ndiyo inamanga zipatala zoyamba m'madera ambiri a kuno Kum'mawa. Kupemphera ndi kupita kucipatala sizinayambanepo. Pempherani muli m'galimoto.

Inunso azaumoyo ndikupemphani mwaulemu. Munthu akadza nati wadwala atalandira katemera, musamuseke kapena kumukalipira. Mpimeni, lembani dandaulo lake, litumizeni ku ZAMRA, bungwe loyang'anira mankhwala m'dziko lino. Ndi malipoti otere amene anathandiza kupeza mabvuto ndachula aja. Wopwetekedwa ndi katemera, ngakhale akhale mmodzi pa anthu zikwi zana, ndi mbale wathu, ayenera kumveredwa ndi kuthandizidwa. Mukamubweza ndi mwano, mwampereka m'manja mwa onama.

Tsono pamene mukumana m'magulu anu sabata ino, gwirizanani izi. Munthu akayamba dzanzi ndi kufooka kokwera kucokera kumapazi, apite kucipatala tsiku lomwelo, ndipo akakhala mwana mufulumire koposa, cifukwa ingakhale poliyo. Uthenga wa zaumoyo ukafika pa foni, funsani kuti wanena ndani, liti, ndipo kuti. Ukasowa yankho, ufere m'foni mwanu. Ndiponso itanani nesi kapena dokotala ku msonkhano wanu, mumfunse mafunso onse obvuta pamaso pa anthu.

Mnzathu uja wabwereranso m'kwaya. Amaimba atakhala pa benchi, pakuti kuima nthawi yaitali kukali kumubvuta. Ndikamuona ndimakumbukira masiku asanu aja, ndipo ndimacita manyazi, cifukwa inenso ndinamva zimene anthu anali kunena, ndinadziwa kuti nzabodza, koma ndinakhala cete poopa kutsutsana ndi akulu. Ndapempha cikhululukiro kwa iye ndi kwa Mulungu. Inu musadzacite monga ndinacitira ine.

Ambuye akudalitseni nonse.