Nazale Ifuna Mpweya

Makolo athu anati m'mera mpoyamba. Mau amenewa timawakumbukira caka ndi caka ikafika miyezi ya June ndi July, pamene ife a kuno ku Chadiza timatsikira m'madimba a m'mbali mwa mtsinje wa Nsadzu ndi m'madambo ena kukafesa matimati, kabici ndi repu. Mabanja ambiri amapeza m'madimba momwemo ndalama za sukulu, za sopo ndi za mcere. Motero nazale ikafa, sipatayika paketi ya mbeu yokha, koma patayikanso milungu yambiri imene sibwerera.

Poopa cisanu, ambiri a ife timavundikira nazale ndi pulasitiki kapena udzu wambiri. Mbeu zimamera bwino ndithu, popeza matimati amakonda nthaka yofunda, ya madigiri pakati pa 20 ndi 30. Koma tsiku lina m'mamawa timapeza mbande zagona pansi, tsinde lake litaola ca m'munsi ndi kuonda ngati ulusi, ndipo pa dothi pali nkhungu yoyera yonga thonje. Pamenepo ena amayamba kukayikira mnansi wa dimba loyandikana nalo. Abale, tisanamizire munthu wosalakwa: mbandezo taziononga tokha ndi cisamaliro copitirira muyeso.

Amai athu akudziwa kuti civundikiro ca mphika cimacita thukuta. Cimodzimodzi pulasitiki. Masana dzuwa limatenthetsa dothi lonyowa, nthunzi nikwera. Usiku pulasitiki ikazizira, nthunziyo imasanduka madontho ogwera pa mbande. Pamalo ponyowa ndi popanda mphepo ndi pamene timaswana tizilombo tosaoneka ndi maso timene timakhala m'dothi, totchedwa ndi akatswiri Pythium ndi Rhizoctonia. Ngakhale alimi a ku Ulaya, amene amameretsa mbeu m'mabokosi ofunditsidwa ndi magetsi, amavutika ndi matenda omwewa. Ndico cifukwa cake zivundikiro za mabokosi ao zili ndi timazenera, ndipo amapukuta madontho m'mawa uliwonse.

Nanga ife ticite ciani? Coyamba, tikweze bedi ya nazale kuti madzi asadikhepo. Tifese m'mizere motalikitsa, osati kuwaza ngati mawere, cifukwa mbande zothinana siziuma msanga. Mbeu zikangoyamba kumera, ticotse udzu wogunda pansi ndi kuukweza pa kathandala. Ngati ndi pulasitiki, tiitsegule dzuwa likatuluka, tiikutumule kutali ndi mbande, ndipo tibwezerepo madzulo ngati kuli cisanu, tikusiya mpata mbali zonse ziwiri. Kuthirira kukhale kwa m'mawa, kuti pofika usiku pamwamba pa dothi pakhale patauma. Tisanathire, tiyambe tapisa cala m'dothi. Ngati muli cinyontho, madzi adikire mawa. Mbande yodwala sicira: tiizule pamodzi ndi dothi lake ndi kukaitaya kunja kwa dimba.

Caciwiri ndico dothi lenileni. Tisaike nazale pamalo amodzimodzi caka ndi caka, ndipo manyowa akhale oolerana bwino. Makolo athu ankaocha mapesi pamalo a nazale asanafese, ndipo sanalakwe, pakuti moto umacepetsa tizilombo ndi mbeu za udzu. Alimi a fodya akale akukumbukira mankhwala a methyl bromide, amene ankafukiza m'nazale. Mankhwalawo anapezeka kuti amaononga mlengalenga, ndipo potsata pangano la ku Montreal la 1987, maiko onga lathu anauzidwa kuwaleka pofika 2015. Koma dzuwa lilipo, ndipo ndi laulere. M'miyezi yotentha ya September ndi October, tikanyowetsa bedi ndi kuiphimba ndi pulasitiki yoonekera mkati, m'mbali titakwirira ndi dothi, kwa milungu 4 kufikira 6, kutentha kumapha tizilombo tambiri. Pulasitiki yomweyo imene imapha mbande tikaiwala kuitsegula, imatithandiza ikaikidwa mbeu zisanafesedwe.

Tsono nchito yotsegula nazale m'mawa tiipereke kwa munthu mmodzi wodziwika m'banja, kaya ndi atate, amai kapena mwana asanapite ku sukulu, kuti wina asayese kuti mnzake wapita kale. Tikatero, pakatha milungu 4 kapena 6 tidzaokera mbande zamphamvu.