Msonkho wa Thukuta ndi Msonkho wa Masheya

Abale ndi alongo a m'nthambi yathu,

Pali njira ziwiri zopezera ndalama. Yoyamba tonse tiidziwa: khasu, choko, singano, nyundo. Munthu alawira, akhetsa thukuta, alandira malipiro. Yachiwiri ndi ya iwo amene ali nazo kale: ndalama zawo ziwagwirira ntchito iwo ali m'tulo. Tsono Boma likafika kudzatenga msonkho, kodi lifinya kwambiri uti mwa awiriwa? Ndipo nanga olemba malamulo a msonkho, iwo adyera njira iti? Tiyeni tione nkhani ya ku Britain, kumene mtsogoleri wina anaonetsa poyera chikalata cha msonkho wake.

Poyamba timvane za sheya. Anthu khumi akasonkherana kugula chigayo, aliyense ali ndi gawo lake m'chigayomo. Gawo limenelo ndilo sheya. Mwini sheya adya kawiri. Pakutha pa chaka alandira gawo la phindu, ngakhale sanakhudzepo chimanga ndi tsiku limodzi lomwe. Ndipo tsiku limene agulitsa sheya yake pa mtengo woposa umene anagulira, zapamwambazo ndi zakenso. Njira yachiwiriyi ndiyo ilemeretsa anthu a chuma.

A Rishi Sunak anali Nduna ya Zachuma ya Britain kuyambira 2020 kufikira 2022, ndipo anali Nduna Yaikulu kuyambira October 2022 kufikira July 2024. M'mwezi wa March 2023 anaulula za msonkho wawo. M'chaka cha msonkho cha 2021 mpaka 2022 analandira ndalama pafupifupi £1,970,000. Mwa izo, malipiro a uphungu ndi unduna sanafike ngakhale limodzi la magawo khumi. Zochuluka, zoposa £1,600,000, zinali phindu la pogulitsa chuma chimene anaika m'thumba la masheya la ku America. Msonkho umene anapereka ku Britain unali £432,493. Ndiye kuti pa mapaundi 100 aliwonse, Boma linatengapo 22.

Wina adzati: "Zikwi mazana anayi si ndalama zochepa!" Zoonadi si zochepa. Koma tiyeni tiwerengetse samu ya munthu wa ntchito. Titenge mphunzitsi kapena namwino wa ku England amene m'chaka chomwecho analandira £40,000. Pa £12,570 yoyamba panalibe msonkho. Pa zotsala anadulidwa 20 pa 100, ndiyo £5,486. Anadulidwanso chopereka china chotchedwa National Insurance, 12 pa 100 pa malipiro opitirira £9,568, ndiyo £3,652. Tikaphatikiza tipeza £9,138, pafupifupi mapaundi 23 pa 100 aliwonse. Taonani tsono. Munthu wolandira kuposa mnzake pafupifupi ka 50 anasiya ku Boma gawo lofanana ndi la mnzakeyo, mwinanso locheperapo.

Zinatheka bwanji? Palibe kuba apa, ndipo tisawanamizire a Sunak mlandu umene alibe. Analipira zonse zimene lamulo linafuna. Cholakwa chili m'lamulo momwemo. M'chaka chimenecho malipiro a ntchito opitirira £150,000 anali kudulidwa 45 pa 100, koma phindu la pogulitsa masheya linali kudulidwa 20 pa 100 basi, ngakhale likule chotani, ndipo National Insurance siikhudza phindu lotere. Phindu lija la £1,600,000 likadawerengedwa monga malipiro a ntchito, Boma likadalandira mapaundi ena oposa 400,000 kwa munthu mmodziyu m'chaka chimodzi. Chaka chotsatira nkhani inali yomweyo: analandira £2,200,000 ndi zina pamwamba, napereka £508,308, ndiyo 23 pa 100.

Apa ndipo pagona nkhani. M'chaka cha 2020 a Sunak omwewo, ali Nduna ya Zachuma, anapempha ofesi yolangiza Boma pa za msonkho, yotchedwa Office of Tax Simplification, kuti iunike msonkho wa phinduwu. M'mwezi wa November chaka chomwecho ofesiyo inalangiza kuti Boma liganizire zouyandikiza ku msonkho wa malipiro. Patapita chaka, unduna wa zachuma unayankha kuti sudzatero. Mtima wa munthu sitingaulowe. Koma kumudzi kuno, mbuzi ikadya chimanga cha mnzathu, kodi timaika mwini mbuzi kuti akhale woweruza? Ngakhale akhale munthu wolungama, anthu adzachoka pabwalo akung'ung'udza, ndipo adzakhala ndi chifukwa.

Si ku Britain kokha. Ku America a Mitt Romney, amene anapikisana ndi a Barack Obama pa chisankho cha 2012, anakakamizidwa ndi anthu mpaka anaulula. M'chaka cha 2011 analandira madola pafupifupi 13,700,000, napereka 14 pa 100, pakuti masiku amenewo phindu la masheya linali kudulidwa 15 pa 100 pamene malipiro apamwamba anali kudulidwa 35.

Oteteza lamulo lotere ali ndi mawu awo, ndipo tiwamve. Ati mwini ndalama aziika pa ngozi, pakuti kampani ikagwa zonse zipita. Ati mukamfinya adzathawitsira chuma chake kunja, ndipo ntchito zidzasowa. Ati kampani inalipira kale msonkho pa phindu lake.

Za ngozi ndiyankha motere: kodi mlimi amene akongola feteleza, mvula n'kudula mu January, saika zake pa ngozi? Nanga wolowa mu mgodi, amene aika moyo weniweniwo? Za msonkho wa kampani, nzoona kuti ulipo. Koma wantchito nayenso alipira kawiri: adulidwa pa malipiro, nadulidwanso m'sitolo pogula katundu, ndipo palibe amene amchepetsera chifukwa cha icho.

Za kuthawa kwa chuma, mbiri ya Britain yomweyo iyankha. M'chaka cha 1988 a Nigel Lawson, Nduna ya Zachuma m'boma la Mayi Margaret Thatcher, boma limene palibe angalinene kuti linali kudana ndi olemera, analinganiza misonkho iwiriyi, kotero kuti wolemera anali kudulidwa 40 pa 100 pa malipiro ndi pa phindu pomwe. London sanasanduke bwinja. Maboma otsatira ndiwo anaimasulanso: 18 pa 100 mu 2008, 28 mu 2010, 20 mu 2016. Mu October 2024 Mayi Rachel Reeves anaukweza kufika 24, komabe uli kutali ndi 45. Tiphunzirapo kuti mulingo umenewu suchokera kumwamba monga mvula. Aulemba ndi anthu, ndipo anthu angathe kuufafaniza.

Nanga ife izi zitikhudza bwanji? Makolo athu anadziwa msonkho wa nyumba umene Atsamunda anabwera nawo m'zaka za m'ma 1890, wosayang'ana ngati nkhokwe yadzaza kapena ili mbee. Lero wantchito adulidwa asanaone n'komwe malipiro ake. Mayi wogulitsa tomato adula chiphaso cha pamsika asanagulitse mulu ndi umodzi womwe. Msonkho wa ife anthu wamba uli poyera ngati mbuzi ya pakhonde. Koma wa iwo amene ali ndi masheya, nyumba za lendi ndi ndalama zobereka ku banki, aona ndani? Kuno ku Malawi lilipo lamulo la 2013 lakuti Pulezidenti, nduna, aphungu ndi akuluakulu ena aulule chuma chawo, ngongole zawo ndi malonda awo. Ndi lamulo labwino. Koma kudziwa kukula kwa khola ndi kwina, kudziwa zimene mwini khola anapereka ndi kwinanso. Anthu a ku Britain atha kuwerengetsa samu ili pamwambayi chifukwa mtsogoleri wawo anaika chikalata pa tebulo.

Chifukwa chake ndipempha kuti pa msonkhano wathu ukudzawu tikambirane mfundo zitatu.

Yoyamba: aliyense wofuna voti yathu aonetse chaka ndi chaka zimene analandira, kumene zinachokera, ndi msonkho umene anapereka.

Yachiwiri: kwacha ya thukuta ndi kwacha ya masheya ziyesedwe pa sikelo imodzi.

Yachitatu: phungu amene ali ndi masheya ochuluka anene poyera zimenezo asanatsegule pakamwa pa mtsutso wa msonkho m'Nyumba ya Malamulo.

Sitidana ndi wolemera. Alemere, amange, alembe anthu ntchito. Koma msewu umene galimoto yake iyendapo, ndi apolisi amene alonda chuma chake, tilipira tonse. Olemerawo sadzayamba okha kufunsa mafunso amenewa. Akulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Amene tamva m'mimba ndife, abale. Wofuna uphungu akadzafika pabwalo la sukulu ndi nsalu ndi malonjezo, mmodzi wa inu aimirire mwaulemu, nafunse kuti: "Bwana, chaka chatha munapereka zingati pa 100?"

Ine wanu,
Mlembi wa Nthambi