Mboni za Cikhulupiriro: Ansembe Awiri a ku Chapotera

Mwezi uno tifuna kukusimbirani za ansembe awiri amene anaphedwa kufupi ndi kwathu kuno, m'dziko la Angoni la ku Mozambique, tsidya lija la malire a Dedza ndi Ntcheu.

Woyamba ndiye Bambo João de Deus Kamtedza, mwana wa dziko lomwelo la Angónia, wobadwa m'caka ca 1930, wolankhula cinenero cathu comwe cino. Analandira unsembe m'caka ca 1964. Waciwiri ndiye Bambo Sílvio Alves Moreira, wobadwa ku Portugal m'caka ca 1941. Onse awiri anali a m'cipani ca Ajezuiti.

M'caka ca 1975 boma latsopano la Frelimo linalanda sukulu ndi zipatala za mishoni, ndipo m'caka ca 1977 linabvomera poyera ciphunzitso ca Marx cokana Mulungu. Mishoni ya Lifidzi inalandidwanso. Tsono ansembe anakakhala pa mudzi wa Chapotera, pakati pa anthu ao. M'zaka zomwezo inabuka nkhondo ya Frelimo ndi Renamo. Inu akulu mukumbukira othawa nkhondo aja amene anafika kuno ku Mangochi atasenza mitolo pamutu, ana kumbuyo.

Njira ya ku Malawi inali yaifupi, ndipo ambiri anaiyenda. Koma abambo awiriwa anatsala. Anayendera midzi, nacita Misa, nabatiza ana; ndipo poona zoipa zocitikira anthu osauka, sanatseke pakamwa. Usiku wa pa 30 October 1985 anthu a zida anafika, nawaturutsa m'nyumba, nawapha kuthengo. Mitembo yao inapezeka pa 4 November, niikidwa ku Vila Ulongwe. Ambuye Diamantino Antunes, Episkopi wa ku Tete, anayambitsa kufufuza za moyo ndi imfa yao, kuti Eklezia aweruze ngati ayenera kuchulidwa amartiri. Ife tidikira mau a ku Roma modzicepetsa.

Nanga ife tiphunzirepo ciani? Asodzi a ku Malembo ndi ku Makanjira adziwa kuti mwera ukauka, mwini bwato sataya nkhafi ndi kusiya anzace pamadzi. Momwemonso abambowa anagwira nkhafi kufikira imfa. Kwa ife palibe wotiopsa ndi mfuti lero. Koma alipo bambo wothawa banja lace pa nthawi ya njala, alipo mai wocita manyazi kulemba cizindikiro ca mtanda pamaso pa anansi, alipo mboni yonama pabwalo cifukwa ca mantha. Kuthawa kotere nkofanana ndi kuja anakukana ansembe athuwa.

Cifukwa cace, makolo, madzulo ano pomaliza Korona muwauze ana anu maina awiriwa, Kamtedza ndi Moreira. Mupempherenso ansembe a dayosizi yathu, kuti Ambuye Yezu awalimbitse mtima, ndi kuti pakati pa ana anu aturuke ena olowa m'malo mwa ophedwawo.