Musathamangire makina odulira mapepala musanapeze ogula

Sabata zingapo zapitazo ndinatsika minibasi pa Chonde kuti ndifunse mitengo ya katundu ngati mwa nthawi zonse. Mayi wina wogulitsa zitenje ndi mafuta odzola anandikodola n'kundionetsa kanema pafoni yake. M'kanemamo munthu amalowetsa pepala m'kamakina kopukusa ndi dzanja, ndipo mbali inayo kumatuluka timaluwa todulidwa bwino, tofanana ngati mapasa. Kenaka amapinda kabokosi ka mphatso, kumata duwa pamwamba, kumanga riboni, basi katundu wapsa. Mayiyo anati akufuna kutenga ngongole kubanki m'khonde kuti aitanitse makinawo kudzera mwa m'bale wawo amene ali ku Johannesburg, ndipo amafuna kumva maganizo anga.

Ndinawayankha mwachidule chifukwa makasitomala anali atawazungulira. Lero ndiyankhe mofatsa, chifukwa ndikudziwa kuti kanema ameneyu wadutsa m'mafoni ambiri. Geni ya mabokosi a mphatso ndi maluwa a mapepala ndi yabwino ndithu, ndipo pa Chonde ikhoza kuyenda. Koma amene ayambe ndi kugula makina, makamaka ndi ndalama ya ngongole, akuika mpamba wake pamoto.

Tiyambe ndi makinawo. Alipo a mitundu iwiri. Oyamba ndi opukusa ndi dzanja, monga a Sizzix Big Shot. M'kati mwake muli timipukutu tiwiri tachitsulo. Mumaika pepala pamodzi ndi kachitsulo kodulira pakati pa timatabwa tiwiri tapulasitiki, n'kupukusa kuti zonse zipanikizike. Kachitsulo kameneka kamagwira ntchito ngati chikombole cha njerwa: kamatulutsa maonekedwe amodzi okha. Mukafuna duwa la mtundu wina, tsamba, mtima kapena bokosi la saizi ina, mugulenso kachitsulo kena. Timatabwa tija nato timakalika ndi kupindika pakapita nthawi, ndiye timafunika kusintha. Mtundu wachiwiri ndi wamagetsi, monga wa Cricut, womwe umadula ndi kampeni motsogozedwa ndi pulogalamu ya pafoni kapena pakompyuta. Umenewu umafuna magetsi, intaneti, timipeni tosinthira ndi timphasa tomata pogwirira pepala. Aliyense amene anayesapo kudalira magetsi a Escom pa geni yake akudziwa kuti oda ya ukwati wa Loweruka siidikira kuti magetsi ayake.

Zonsezi, makina ndi zosinthira zake, zimachokera kunja. Boma linatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kutsitsanso ndi 44 peresenti mu November 2023. Wamalonda aliyense anaona mmene mitengo ya katundu wakunja inadumphira. Mukawonjezera mtengo wonyamulira ndi msonkho wa MRA pachipata, mtengo umene mwauona pafoni si umene mudzalipire.

Pali chinanso chimene makanema aja sanena. Makina wamba a Big Shot ali ndi kukamwa kotambalala masentimita pafupifupi 15 okha. Tsono tengani bokosi laling'ono la masentimita 8 mbali zonse, lokwana kapu kapena kabotolo ka uchi. Mukalitambasula pansi pamodzi ndi timakutu take tomatira, limafuna pepala la masentimita pafupifupi 34 m'litali ndi 28 m'lifupi. Pepala limeneli silingalowe m'makina aja. Ngakhale makina okulirapo, olandira pepala la A4, salikwanitsa lonse nthawi imodzi. Ndiye kuti mabokosi amene anthu akuno amafuna kwambiri, oikamo chitenje, nsapato za mwana kapena sopo ndi mafuta a mayi, mudzawadulabe ndi manja, makina ali phee pakona.

Tsopano tiwerengere limodzi. Manambala awa ndi ongoyerekeza, inu muikemo mitengo ya lero ya kumene mumapikula. Tinene kuti makina, tizitsulo tingapo ndi thiransipoti zakwana K400,000. Tinenenso kuti bokosi limodzi likudya K700 pa pepala, guluu ndi riboni, ndipo mukuligulitsa K1,500. Phindu ndi K800. Kuti makina abweze ndalama yake, mufunika kugulitsa mabokosi 500. Ngati mukugulitsa 20 pasabata, ndiye sabata 25, pafupifupi miyezi isanu ndi umodzi musanadyepo kanthu. Nanga ndalamayo ikakhala ya ngongole? Ngati gulu lanu limatenga chiwongoladzanja cha 20 peresenti pamwezi, mwezi woyamba wokha mukufunika K80,000. Mabokosi 80 amene mwagulitsa mwezi umenewo akupatsani K64,000. Simunakhudze n'komwe ngongole yeniyeniyo, koma mwaperewera kale K16,000. Mapeto ake mudzayamba kutapa ndalama ya zitenje kuti mutseke dzenje, ndipo geni imene imadyetsa ana idzayamba kuwonda. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Nanga tiyambe bwanji? Zipangizo zoyambira zambiri muli nazo kale kunyumba: sizasi yakuthwa, rula, pensulo, kampeni kodulira mapepala, guluu, ndi bolopeni yotha inki. Pezani bokosi la tiyi kapena la sopo, mulimatule mosamala, mulitambasule. Imeneyo ndiyo patani yanu yoyamba, ngati imene atelala amagwiritsa ntchito podula nsalu. Ijambuleni pakatoni yolimba kuti ikhalitse. Musanapinde pepala, dutsitsani bolopeni yotha inki ija motsatira rula pamzere wopindapo. Mukatero bokosi limapindika mowongoka osasweka m'mphepete. Pepala wamba lolembapo, lija la 80 gsm, ndi lofewa kwambiri pa bokosi. Funsani lolimba, la pakati pa 200 ndi 300 gsm. Pepala limodzi lalikulu la saizi ya A1 limatulutsa mabokosi anayi a masentimita 8 aja mukayala patani mwanzeru, ndipo zidutswa zotsala ndizo masamba ndi timakadi tolembapo dzina. Pa maluwa, pepala la crepe limatamuka, choncho limapindika ngati duwa lenileni. Mukalipinda kangapo n'kudula kamodzi, mumatulutsa masamba a duwa asanu kapena kuposa nthawi imodzi. Pali timakina tating'ono toboola ngati tija ta mu ofesi, totulutsa mitima ndi timaluwa, ndipo mtengo wake suyandikira n'komwe wa makina aakulu.

Chovuta pa geni iyi si kudula. Chovuta ndi kupeza munthu woti atulutse ndalama m'thumba kugula pepala, pamene ndalama yomweyo ikanagula ndiwo. Apa m'pamene wamalonda wa pa Chonde ayenera kuwerenga kalendala. Pa 14 February pali Valentine. Mvula ikatha ndipo anthu akakolola, zinkhoswe, maukwati ndi mabraido shawa zimachuluka mpaka kumapeto kwa chaka. Chaka cha sukulu chikamatha, sukulu za mkaka zimachita mwambo wotsanzikana ndi ana, ndipo makolo amafuna kanthu kopatsa mwana. Pa 15 October ndi Tsiku la Anakubala, tsiku limene ngakhale mwana wosowa amayesetsa kupezera mayi ake chitenje. Mwezi womwewo Chonde amalandira khamu la anthu obwera ku mwambo wa Mulhako wa Alhomwe, ena ochokera ku Blantyre ndi ku Lilongwe, ndipo ambiri amafuna kubwerera ndi chowakumbutsa kwawo. Kenaka Khirisimasi. Ndipo tisachite manyazi kunena: nkhata za maliro ndi za pomanga ziliza zimafunika chaka chonse, ndipo mabanja ambiri sangakwanitse maluwa enieni.

Komabe munthu wa kuno sagula bokosi lopanda kanthu. Amagula mphatso. Ndiye nzeru ndi kugulitsa bokosi lili ndi katundu m'kati. Inu amene mumagulitsa kale zitenje, pindani chitenje bwinobwino, ikani m'bokosi pamodzi ndi sopo, matani duwa pamwamba, ndipo muike mtengo umodzi wa zonse. Kasitomala amadziwa mtengo wa chitenje pamsika ndipo amanenerera mpaka mutatopa, koma mphatso yokonzedwa kale alibe poiyerekezera. Mulanje ndi kwawo kwa tiyi, uchi umapezeka, ndipo msewu wodutsa pa Chonde umanyamula anthu opita ku Chitakale, kuphiri ndi kuchipata cha Muloza. Paketi ya tiyi ndi kabotolo ka uchi m'bokosi looneka bwino ndi mphatso imene mlendo angatenge mosanyinyirika. Kumbukiraninso kuti boma linaletsa mapulasitiki opyapyala osafika ma micron 60 m'chaka cha 2015, ndipo khoti lalikulu la Supreme linagwirizana ndi chiletsocho mu 2019. Majumbo opyapyala akhala akuonekabe m'misika, koma lamulo lili kumbali ya wokulunga katundu m'pepala. Amene amadziwa kupinda timatumba ta mapepala ta ogulitsa mandasi, mtedza ndi makeke ali ndi kasitomala wa tsiku ndi tsiku, osadikira ukwati.

Mdani wamkulu wa geni iyi kuno ndi chinyontho. Mulanje ndi boma la mvula yambiri, ndipo ngakhale m'miyezi yozizira chiperoni chimanyowetsa zinthu m'nyumba momwe. Pepala likamwa chinyontho limafewa, guluu amamatuka, ndipo crepe amasuluka n'kudetsa chilichonse chimene wakhudza. Dzuwa nalo limafwifwitsa mitundu mukayala katundu pabenchi tsiku lonse. Choncho musapange katundu wambiri wongosunga. Pangani zitsanzo zisanu kapena zisanu ndi chimodzi, muzijambule bwino, muziika pa WhatsApp, ndipo zina muzipanga munthu akaitanitsa. Mapepala asungeni m'ndowa yotseka bwino, osati pansi pasimenti. Mabokosi muzinyamula osapinda, mukawapindire komweko, chifukwa pakabaza kapena m'minibasi yodzaza adzafika ataphwanyika. Pa oda iliyonse landirani theka la ndalama poyamba, kaya pamanja, pa Airtel Money kapena pa Mpamba. Chitenje chikakanidwa mumagulitsa kwa wina, koma mabokosi 100 olembedwa maina a akwati amene alepherana simungawagulitse kwa aliyense.

Poika mtengo musaiwale nthawi yanu. Ambiri amawerengera pepala ndi guluu basi, n'kuiwala kuti duwa limodzi lawadyera mphindi 20, kuti anakwera minibasi kupita ku Limbe kukapikula, ndi kuti analipira chiphaso cha msika. Dzifunseni kuti maola amenewo mukanapeza zingati mukanakhala pabenchi yanu. Ngati duwa silikubweza ndalama imeneyo, ndiye kuti mukusewera, simukuchita geni.

Ena anena kuti ndikunyoza chitukuko, kuti ntchito ya manja siingafanane ndi ya makina. Pamenepo ali ndi mfundo. Makina amadula mofanana, amadula timizere tosongoka timene sizasi singathe, ndipo pa oda ya timaluwa 300 amapulumutsa zala ndi tulo. Kasitomala wa m'tauni amene amaona zinthu pa Facebook amayang'ana m'mphepete mwa pepala ngati mwadulidwa mosalala. Sindikunena kuti makina ndi oipa. Ndikunena kuti ali ndi nthawi yake. Nthawiyo imakwana pamene mwakhala mukubweza maoda kwa miyezi itatu yotsatizana chifukwa manja sakukwanitsa, pamene kope lanu likuonetsa kuti ndi maonekedwe ati amene anthu amafuna mobwerezabwereza, ndiponso pamene theka la mtengo wake likuchokera m'phindu la mabokosi omwewo. Pamenepo mudzadziwa tizitsulo titatu toyenera kugula, m'malo mogula makumi awiri tongokongola m'maso. Ndipo gulani opukusa ndi dzanja, chifukwa sadikira magetsi.

Njira ina ndi kugula pagulu. Mutu umodzi susenza denga. Amayi asanu akhoza kusonkherana makina amodzi, kuwaika kwa mmodzi wokhulupirika, aliyense n'kumalipira kandalama kochepa akadula, ngati mmene timachitira kuchigayo. Kandalama kameneko kazisungidwa kuti kadzagulire timatabwa tatsopano tikatha. Koma mulembe pakope za amene adzakonzetse makina akawonongeka ndi amene adzayambe kudula maoda akagundana sabata ya Tsiku la Anakubala, chifukwa magulu ambiri amapasuka pa nkhani zazing'ono ngati zimenezi.

Kwa mayi aja a pa Chonde, ndi kwa nonse amene mwasunga kanema uja mufoni, pempho langa ndi ili. Patulani ndalama yochepa imene singakugwetseni ikatayika. Gulani mapepala olimba angapo, guluu ndi riboni. Pangani mabokosi khumi ndi manja, muikemo katundu amene mumagulitsa kale, muwayale pabenchi tsiku la msika. Lembani angati apita, pa mtengo wanji, ndi zimene ogula anena. Akatha onse khumi, pangani makumi awiri. Akatsala asanu ndi atatu, mwataya ndalama ya mapepala yokha, ndipo Lachisanu mudzapita kubanki m'khonde mutu uli m'mwamba, opanda ngongole ya K400,000 pamsana.